Kwa Zainabu, Popita Kukalangiza Bwana

Nkhotakota,
Lachinayi masana

Mwana wanga Zainabu,

Assalam alaikum. Iwe uli ku Malenga Chanzi kotsanzikana ndi azakhali ako, m'nyumba muno muli zii, ndiye ndati ndikhale pakhonde ndikulembere usanabwere. Mawa galimoto ya boma ikadzaima pabwalopa anthu adzadzaza, wina ndi kathumba ka mpunga, wina ndi usipa wouma, ndipo ine ndikudzidziwa: ndidzangoti "uyende bwino" n'kubwerera m'nyumba.

Tsiku lija unandiuza kuti Mtsogoleri wa dziko wakusankha kuti ukhale mlangizi wake pa nkhani za mayiko akunja, ndinangoyankha kuti "Alhamdulillah" n'kunyamuka kupita kumunda wa mpunga. Nkhope yako ndinaiona. Unkayembekeza kuti bambo ako, amene anakhalapo pa mpando womwewo, adumpha ndi chimwemwe. Kukondwa ndinakondwa, mwana wanga, koma mantha ndiwo anayamba kufika, ndipo sindinafune kuti uwaone.

Zambiri za ine ukuzidziwa, pa Nkhotakota pano nkhani sibisika. Koma unazimva zidutswazidutswa, zina kwa azakhali, zina pamsika, ndipo pamene zinkachitika n'kuti uli mtsikana wa ku sekondale. Lero uzimve bwinobwino kuchokera kwa mwini wake.

Ntchito imeneyi ine ndinailowera pa Chiswahili. Agogo ako aamuna ankacheza m'Chiswahili ndi anzawo a kumzikiti pakhonde lomwe lino, ine n'kumatolera ndili mwana. Nditamaliza maphunziro ndinalembedwa ntchito m'boma, ku nthambi yoona za mayiko akunja, ndipo kwa zaka zingapo palibe ankandidziwa. Tsiku lina kunabwera nthumwi za dziko lina loyandikana nafe, wotanthauzira wathu n'kudwala mwadzidzidzi. Anandikoka ine. Msonkhano utatha, Mtsogoleri wa nthawi imeneyo, amene m'kalata ino ndizingowatchula kuti Bwana, anandifunsa ngati alendowo anakhutira. Ndinati, "Pakamwa avomera, Bwana, koma mawu amene agwiritsa ntchito ndi aja munthu amanena akafuna kukana mwaulemu." Anaseka kwambiri. "Kwanu n'kuti mnyamata iwe?" Ndinati ku Nkhotakota. Kuyambira pamenepo anayamba kundiitana, mpaka anandipatsa ofesi pafupi ndi yawo.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kwa munthu wonyadira sukulu. Dziko lina linkafuna kuti tisainirane mgwirizano wa zamalonda, Bwana n'kundiuza kuti ndiuone. Ndinalemba masamba ambirimbiri, ubwino wake uku, kuipa kwake uku, mbiri ya mayiko awiriwa kuyambira kalekale. Tsiku lonyamuka, tili m'galimoto kupita ku bwalo la ndege, Bwana anatembenuka n'kuti, "Twaibu, zimapepala zako zija ndaziona kuchuluka kwake. Tangondiuza, tisaine kapena ayi?" Ine ndinayamba, "Bwana, nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri..." Sanandidikire. Anayang'ana a Mbewe, munthu wachipani amene ankayenda nafe maulendo onse, wosakonda kuwerenga koma wodziwa kuyankha msanga. "Sainani, Bwana," anatero a Mbewe. Anasainadi. Mu mgwirizanowo munali ndime imodzi yolola mpunga wa kunja kulowa mosavuta. Ine ndinaiona, ndinailemba, koma pa tsamba lapakati pomwe palibe anafika. Alimi a mpunga a kuno, ena a iwo abale athu enieni, anavutika nayo zaka zingapo. Zainabu, uziwerenga zonse, koma ukamalowa kwa Bwana wako uzikhala ndi yankho lalifupi m'kamwa, loti unganene galimoto isanatuluke pa geti. Ukapanda kuyankha iwe, woyankha wina alipo nthawi zonse, ndipo wakhala pafupi.

Kachiwiri ndinalakwira pa tebulo la chakudya. Akazembe a mayiko ena adzakuitana kunyumba kwawo. Adzayamikira Chingerezi chako, adzafunsa za makolo ako, adzati akufuna kudzaona kwanu kunyanja. Kazembe wina wa dziko lolemera ankandichitira zotero, ine n'kumati ndapeza bwenzi. Tsiku lina tikudya ananena modandaula kuti Bwana amagwira ntchito mopitirira. Ine ndinaseka n'kuti, "Eetu, dzuwa likapendeka amakhala atatheratu, mungawauze chilichonse avomera kuti akapume." Ndinanena ngati nthabwala. Sabata yotsatira nthumwi za dziko lake zinabwera kudzakambirana za migodi. Mmawa wonse zinangozungulira pa nkhani zing'onozing'ono, nkhani yeniyeni n'kuitulutsa dzuwa litapendeka. Bwana anavomera zimene anandiuza mmawa womwewo kuti sangavomere, ine ndili pomwepo, ndikudziwa bwino kumene alendowo anaitenga nzeruyo. Usaiwale, mwana wanga: kazembe wotereyo mukasiyana amakalemba zonse n'kutumiza kwawo. Si kuti ndi woipa, ndi ntchito yake. Idya chakudya chake, seka naye, koma za thanzi la Bwana wako, za mkwiyo wake, za amene amamukonda ndi amene amadana naye, zitsale m'mimba mwako.

Izi zinali zopunthwa chabe. Chimene chinandigwetsa ndi ichi.

Zaka zitapita ndinali nditakula pantchito. Bwana sankapita kunja popanda ine. Nduna zina zisanalowe kwa iwo zinkayamba zadzera kwa ine kudzafunsa kuti, "Lero adzuka bwanji?" Ndinayamba kuganiza kuti khomo lija ndi langa, kuti silingatsekeke.

Kunali chisankho cha mpando wina m'bungwe la mayiko, ndipo mayiko awiri ankapempha voti yathu. Lina linali lakutali, lolemera, logula fodya ndi shuga wathu. Lina linali la tsidya la nyanja, ili timaona mapiri ake kukacha bwino. Ine ndinkafuna lakutali lija, ndipo zifukwa ndinali nazo zomveka. Pa msonkhano, nduna zonse zitakhala, Bwana anati, "Ine voti ndipereka kwa m'bale wanga wa tsidya. Mayi anga atamwalira, iyeyo anasiya zonse n'kubwera kudzakhala nane pa maliro mpaka kumanda." Ndikanatha kudikira, Zainabu. Ndikanawapeza ali okha masana omwewo monga ndinkachitira masiku onse. Koma pakamwa panandiyabwa, ndipo ndinati, "Bwana, dziko siliyendetsedwa ndi maliro."

Nduna ina inaseka pang'ono, kenaka n'kutsokomola kuti ibise. Bwana anavula magalasi n'kundiyang'ana kwa kanthawi. "Wamaliza, Twaibu?" Ndinati ndamaliza. "Zikomo." Anapitiriza msonkhano ngati palibe chachitika. Mwezi usanathe ndinauzidwa kuti andikweza, ndikakhale wachiwiri kwa kazembe ku dziko lina lozizira la ku Ulaya. Anzanga anandigwira chanza, a Mbewe n'kundikumbatira. Pa mpando wanga anakhalapo iwowo. Lero utandifunsa amene anapambana pa chisankho chija, ndingayambe ndakhala pansi kuti ndikumbuke. Pa chinthu chotero ndi pamene ndinatayira mawu anga.

Amayi ako sanapite nane ku Ulaya. Agogo ako aakazi ankadwala, iwe unali pafupi kulemba mayeso, ndiye anabwerera nawe kuno ku Nkhotakota.

Amalume ako a Saidi iwe umawakumbukira ngati munthu wanthabwala, wobwera ndi kampango atamumangirira kumbuyo kwa njinga. Kwa ine anali mlamu komanso mnzanga wa ku madrasa. Anali ndi boti la injini ku Ngala ndi anyamata awo okoka khoka la chilimila. Chaka chimenecho usipa unasowa mbali yathu, iwo n'kuutsatira mpaka kutali pakati pa nyanja. Injini inawafera kumeneko, ndipo gombe lapafupi linali la tsidya. Anapalasa n'kukafika. Asilikali a kumeneko, amene masiku amenewo ankasaka anthu ozembetsa katundu, anawagwira onse n'kuwatsekera. A Saidi anali ndi matenda a shuga, ndipo mankhwala awo anatsala kunyumba.

Amayi ako anandiimbira foni. "Bambo a Zainabu, achimwene agwidwa tsidya. Inu mumayankhula ndi Bwana. Auzeni." Ndinati, "Musadandaule, ndi nkhani yaing'ono iyi." Ndipo inalidi yaing'ono. Ndikanakhala pa mpando wanga uja, ikanathera pa tiyi wammawa.

Ndinaimba ku ofesi ya Bwana. Mlembi amene kale ankaimirira ndikamalowa anati, "Ali pa msonkhano, a Twaibu." Mawa lake chimodzimodzi. Ndinalemba kalata yaboma, yodutsa njira zonse zoyenera, koma inakathera pa tebulo la a Mbewe. Nthawi imeneyo n'kuti tikukambirana ndi dziko la tsidyalo za njira yodutsira mafuta a galimoto, ndipo a Mbewe anaona kuti kutchula za asodzi kungasokoneze zokambiranazo. Komanso iwo sankakonda kupita kwa Bwana ndi nkhani yosakoma. Anandiyankha kuti nkhaniyo ikuunikidwa. Ndinalembanso. Ikuunikidwabe.

Amayi ako ankaimba pa Ijumaa, Lachisanu lililonse. Tsiku lina anati, "Bwanji osangobwera n'kukapepesa kwa Bwanayo?" Ndinawakalipira pa foni. Ndinati ndikapepese chiyani, poti zimene ndinanena zinali zoona? Ndinati boma lili ndi njira zake, inu simungazimvetse. Anangoti, "Chabwino," n'kudula. Nyengo yozizira inatha, kutentha kunayamba, ine ndikulembabe makalata m'Chingerezi chokoma.

Wogulitsa nsomba wina amene ankawolokera tsidya ndiye anabweretsa uthenga kwa amayi ako woti a Saidi mwendo watupa, sakuyendanso. Nditamva zimenezo ndinakwera ndege popanda chilolezo cha wina aliyense. Kunyumba kwa Bwana anandibweza pa geti. Ndinamva kuti mawa lake akupita ku maliro a nduna ina yakale kumudzi kwake, ndipo ndinapita komweko n'kukhala pansi pa mtengo pamodzi ndi anthu wamba. Mwambo utatha, Bwana akulowera ku galimoto, ndinadutsa pakati pa achitetezo, poti ena ankandidziwabe, n'kugwada pafumbi. Ndinati, "Bwana, ndinakulakwirani pamaso pa anthu, ndabwera kudzapepesa pamaso pa anthu." Anandiyang'ana, kenaka n'kuti, "Dzuka, Twaibu. Lowa m'galimoto."

M'galimotomo ndinafotokoza mwachidule, ndipo nkhope yawo inasintha. "Anthu anga ali m'ndende tsidya kuyambira nthawi yozizira, ine osadziwa?" Anatenga foni pomwepo n'kuimbira mnzawo wa tsidya, yemwe uja anabwera pa maliro a mayi awo. Anayamba ndi kufunsana za ana, anaseka pang'ono, kenaka anati, "M'bale wanga, uli ndi asodzi anga kumeneko, akazi awo akulira." Galimoto isanafike pa msewu wa tala nkhani inali itatha. Ataika foni pansi anati, "Waonatu, Twaibu? Wobwera pa maliro uja ndi amene wayankha foni." Ndinawerama. Kenaka, motsitsa mawu, anati, "Ukanakhala pafupi, anthuwa sakanagona kumeneko ngakhale sabata."

Anawabweretsa pa boti sabata yomweyo. Iwe unalipo pa doko, utavala yunifolomu. Anyamata aja anatsika okha, a Saidi n'kuchita kuwanyamula pa mphasa. Ku chipatala anati mwendo wawonongeka, ufunika kudula, koma thupi linali litatha mphamvu. Nditapita kukawaona anandigwira dzanja n'kuseka monga mwa chizolowezi chawo. "Alamu, ine ndinkawauza anyamatawa kuti musaope, mlamu wanga amadya ndi Pulezidenti, mawa lomwe titulutsidwa. Mapeto ake anasiya kundifunsa." Sananene mokwiya ayi, ankangocheza. Anamwalira Ramadhani isanayambe, ndipo ndinanyamula nawo jeneza popita kumanda.

Bwana anandiitana kuti ndibwerere pa mpando wanga, koma mtima unali utachoka, ndinapempha kupuma. Mwina apanso ndinalakwa, chifukwa a Mbewe anakhalapobe mpaka boma linasintha, ndipo sindidziwa kuti ndi makalata angati a anthu ena amene anagona pa tebulo lawo.

Tsono undimvetse bwino, Zainabu, chifukwa ndikukudziwa, lilime lako ndi langa. Sindikuti ukakhale munthu wovomera zilizonse. A Mbewe anakhala pafupi ndi Bwana zaka zonsezo, ndipo kuyandikira kwawoko sikunathandize munthu aliyense. Choona uzinena, ngakhale chowawa, koma muli awiri, chitseko chotseka. Mtsogoleri amene wanyozeka pamaso pa nduna zake sangabwerere m'mbuyo ngakhale ataona kuti iwe ukunena zoona, chifukwa onse aja akumuyang'ana. Ndipo usanatsegule pakamwa uzidzifunsa ngati nkhaniyo ili yoyenera kutayirapo khomo. Zilipo nkhani zotero. Akadzafuna kupereka nyanja iyi kwa alendo asodzi athu osafunsidwa, kapena kutumiza ana a anthu ku nkhondo ya eni ake popanda chifukwa, pamenepo uyankhule ngakhale akuchotse tsiku lomwelo, ubwere kuno tidzalime mpunga. Koma za mpando wa m'bungwe, za amene aime kumanja pojambulitsa, za ndege iti ikatere poyamba, zisiye zipite. Mawu ako uwasungire tsiku limene munthu adzawafuna kuti akhale ndi moyo.

Ukamumva Bwana wako akupereka chifukwa chimene sichili m'mabuku amene unawerenga, usafulumire kuchinyoza. Ine ndinkadziwa mapangano onse, Bwana wanga ankadziwa anthu. Tonse tinkafunikira, koma ine ndinkaona ngati wofunikira ndine ndekha.

Ukalakwa, kapepese tsiku lomwelo. Ngakhale utakhala kuti mfundo yako inali yolondola, kapepese chifukwa cha m'mene unanenera. Kugwada kumene ndinagwada pafumbi paja sikunandichotsere kanthu, ndinadzuka ndili Twaibu yemweyo. Ndikanagwada nyengo yozizira isanathe, amalume ako bwenzi mawa alipo pabwalopa, akukuseka kuti wanenepa. Kumbukira zimenezi, mwana wanga, kunyada kukadzayamba kukuuza kuti dikira, ayambe ndi iwo.

Ndiwe mkazi, ndipo ndiwe wamng'ono kwa ambiri amene ukawapeze kumeneko. Adzanena zambiri za m'mene waupezera mpandowo. Usawayankhe, ndipo usawayankhire pa msonkhano pofuna kuwaonetsa kuti ndiwe wanzeru, chifukwa msampha wake ndi womwe uja unandikola ine. Mapemphero a swala usasiye ngakhale uli m'mahotela a kunja. Mpandowo ndi wobwereka, tsiku lina boma lidzasintha ndipo amene akukuimirira lero adzakuuza kuti Bwana ali pa msonkhano.

Uzibwera kuno, Zainabu. Osati ndi galimoto ya boma yokha n'kubwerera tsiku lomwelo. Ukwere minibasi upite ku Ngala, ukakhale ndi akazi a amalume ako pamene akuyanika usipa pa thandala, umve zimene anthu akukamba. Ku Lilongwe malire ndi mzere wa pa mapu. Kuno ndi madzi amene munthu amalowa ndi boti pofuna chakudya cha ana, ndipo tsidya lija kuli azakhali ndi apongozi a anthu a kuno. Nkhani zambiri za mayiko akunja zimayambira pa gombe, ku ofesi zimafika mochedwa, zina osafika n'komwe. Nambala yako ya foni usasinthe. Mayi wina akadzakuimbira kuti mwamuna wake wagwidwa, usadzamuuze kuti ndi nkhani yaing'ono. Udzadzuke pa mpando n'kukagogoda.

Chotsiriza ndi cha amayi ako. Sanandinenepo mlandu wa achimwene awo ngakhale tsiku limodzi. Amandiphikira, amandichapira kanzu ya Ijumaa, nditadwala chaka chatha unaona wekha m'mene anandisamalira ku chipatala. Koma chichokereni kumanda kuja sanandipemphenso kanthu. Denga likadontha amaitana okha mmisiri. Mchere ukatha amapita okha ku golosale, ngakhale akuona kuti ine ndikulowera komweko. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira kuti tsiku lina adzandituma ngakhale kabokosi ka machesi.

Dzulo ndikuchokera ku mzikiti ndinawapeza akupinda zovala zako. Osandiyang'ana, anati, "Bambo a Zainabu, mwanayu akupita kumalo kumene ine sindikudziwako. Mumulembere zonse, musasiyeko kanthu. Ndakupemphani."

Ndalemba zonse, mwana wanga.

Allah akutsogolere ndi kukusunga.

Ndine bambo ako,
Twaibu